Khomo la Kumbuyo

Mkulu uja aliyense ankangomutcha Wamatikiti, ngakhale kuti holo ya kanema idatsekedwa kalekale n'kusanduka mosungira simenti. Pa unyamata wake ndiye ankaima pakhomo kung'amba matikiti, ndipo ankadzitama kuti ngakhale khoswe sadamuzembepo.

Tsiku lina mwana wake wamkazi adabwera ndi chithunzi chimene a khonsolo adachipeza m'kabati posonkhanitsa mbiri ya tauni. Chidali cha anthu atakhala pamabenchi m'holomo, kudikira kuti magetsi azime.

"Bambo, taonani mzere wachitatu. Si amayi awa?"

Wamatikiti adavala magalasi. Adalidi malemu mkazi wake, m'diresi la madontho, mano onse pamtunda. Mkazi amene iye adamuletsa kupondamo, amene adalumbira mpaka kumanda kuti kanema sadamuonepo.

Pakhomo pake mkaziyo sadadutse, zimenezo ankadziwa. Khomo lina lidali la kumbuyo, pamasitepe okwerera kuchipinda cha makina. Kiyi ankasunga Wamakina, woonetsa kanemayo, yemwe masiku amenewo ankadzola mafuta onunkhira ngati mkwati.

Wamatikiti adakamupeza Wamakina ali pakhonde akuwothera dzuwa, miyendo itatupa.

"Ukadali moyo, galu wa pakhomo?" adatero Wamakina.

"Mkazi wanga ankalowera kuti?"

Wamakina adayandikitsa chithunzicho kumphuno, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Kwanga, nanga kuti? Iwe ukadamulola? Koma maso akowa ndi ongokongoletsa nkhope eti? Taona amene wakhala naye pambali."

Wamatikiti adayang'anitsitsa. Mayi wa mpango, manja atapinda pachifuwa, chibwano chokhota. Adali amayi ake omubala.

"Amayi ako ndiwo ankagogoda, mpongozi ali pambuyo," adatero Wamakina. "Ankati adabereka loko, osati mwana. Kazipita, ukunditchingira dzuwa."

Wamatikiti adabwerera pang'onopang'ono, mtima utayamba kukhala pansi. Koma atafika paholo paja, pomwe antchito ankakweza matumba a simenti m'lole, adaima. Amayi ake ankawadziwa bwino. Nyale ikangozima, iwo mkonono wayamba, ngakhale pamaliro. Nanga kanema si adali wautali? Nanga makina aja, akangowayatsa, si ankazungulira okha?

Adazungulira kuseri kwa holo. Masitepe aja adali pomwepo, achita dzimbiri. Adasuzumira pabowo la kiyi, kuyeza ndi diso malo pomwe padali mzere wachitatu.

Sipadali patali.