Theka Lobiriwira

Ndinazika fosholo mwaukali pakati pa bwalo la mpira lomwe ndinkasamalira. Abwana anaima poteropo ndi akapitawo, maso ali pa kapinga yemwe anandiputira mlandu.

Chaka chimenecho chilala chinavuta. Tinkaloledwa kuthirira kamodzi pa sabata, ndipo kiyi wa mpopi ankasunga akapitawo. Kapinga anayamba kufiira. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinawerenga pa foni kuti madzi a masamba a chammwamba amathandiza zomera kupirira ludzu. Ndinabwereka mtondo wa mayi, n'kumasinja masambawo kuseri kwa shedi, kufinya, kusefa pa sokosi yakale. Ndinamanga chingwe pakati pa bwalo: mbali imodzi ndinkapopera Lolemba lililonse, inayo ayi. Akapitawo ankanditcha Dokotala wa Udzu, n'kumafunsa kuti jekeseni ndiyamba liti.

Patatha masabata asanu, theka langa linali lobiriwira, linalo ngati mphasa yakutha. Pamenepo akapitawo anakandinenera kuti ndasulitsa kiyi, ndikuba madzi.

Ndi fosholo ija ndinatukula chibuma mbali yanga, china mbali inayo. Zonse zinali zouma gwa, koma changa mizu inali italowa pansi kutalika ngati chala.

"Bwana, gwirani dothili. Madzi obawo ali kuti?"

Abwana sanawerame n'komwe. Anayankha ndi akapitawo, akumwetulira.

"Udzu sunama, mphwanga. Wobiriwira ndiye kuti wamwa."

Akapitawowo ndinawagenda nacho chibumacho pachifuwa. Mlandu wa madzi unathera pomwepo. Unatsala wa mwano, ndipo umenewo sindikanaukana. Ndinavula ovolosi n'kutuluka pageti, fumbi lidakali m'zikhadabo.

Kunyumba mayi sanandikalipire. Anangofunsa kuti mtondo wawo ubwera liti, ndipo funsolo linandiwawa kuposa mbama. Mwezi wonse ndinkazengereza, ntchito ina osaipeza.

Tsiku lomwe ndinapita kukautenga, mlonda ananditsegulira osandiyang'ana kumaso. Chingwe changa anali atachichotsa. Bwalo lonse linali biriwiri, kuchokera golo ili kukafika golo ilo, mvula isanagwe ngakhale dontho.

Kuseri kwa shedi ndinapeza akapitawo atakhala pa ndowa, mtondo wa mayi uli pakati pa miyendo, sokosi yanga ija ili pa phewa. Atandiona anaimirira n'kubisa manja kumbuyo. Madzi obiriwira ankadonthera pa zidendene za nsapato zawo.