Pansi pa Nandolo wa Achemwali

Munda wa achemwali anga a Lucy, kumtunda kwa Machinjiri, unali wochititsa manyazi. Miyala yokhayokha, dothi lofiira lokokoloka, chimanga chake cholekeza m'chiuno. Ine Olive, mng'ono wawo, ndinalankhula mpaka malovu kuuma kuti ausiye, tizigulitsa limodzi tomato pamsika. Iwo ankangoseka n'kunyamula khasu. Amuna awo, a Eston, anamwalira atalephera kuwagonjetsa pa nkhani imeneyi, ndiye ine ndinali yani?

Kenaka mtunda wonsewo unagulidwa ndi kampani ina yomanga nyumba. Olima kumeneko anauzidwa kuti akakolola asadzalenso. Anthu anang'ung'udza, n'kuiwala. Achemwali anasiya kudya.

Giledala itayamba kupala chakumunsi, inafukula mapale ambirimbiri ndi zibuma zakuda zotsalira posungunula chitsulo. Ntchito inaima. Kunabwera anthu ofufuza zakale, wowatsogolera ali mtsikana wa ku Rumphi dzina lake Thandie, wovala chipewa chachikulu ndi nsapato zachimuna. Anati pamalopo panali mudzi kalekale, Blantyre asanalotedwe n'komwe, ndipo anapatsidwa nthawi yochepa yoti apulumutse zomwe angathe nyumba zisanayambe kukwera.

Kakumbidwe kawo kanali koseketsa. Anamanga zingwe n'kugawa malo m'timabwalo, kenaka n'kumapala dothi ndi timipeni ta omanga nyumba ndi mabulashi opentera. Munthu wamkulu, wandevu zake, tsiku lonse kusesa kadzenje kamodzi! Atanena kuti akufuna amayi osefa dothi, achemwali anali oyamba kufika, ndipo anandikokera inenso. Ndinkayesa akungofuna ganyu.

Koma maso awo sanali pa sefa. Ankangoyang'ana chakumtunda, kungodya ya munda wawo komwe kunali nandolo. Nandolo ameneyo ankamudzala chaka ndi chaka mozungulira, pakati n'kusiya kamalo kofanana ndi lichero, pomwe khasu silinkagunda. Zingwe za a Thandie zinalekeza patali ndi pamenepo.

Tsiku lina masana, Rafaeli, mmodzi mwa okumba, anakuwa ali m'dzenje.

"Madamu, tabwerani! Kuno kuli mphika wathunthu, sunasweke ata pang'ono."

Tonse tinaunjikana. Mphikawo unali pansi pa pomwe kale panali nyumba, wovundikiridwa ndi phale. A Thandie anagwada, n'kuyamba kuchotsa dothi la mkati pang'onopang'ono. Munatuluka timafupa topyapyala ngati timitengo ta machesi, ndi mkanda umodzi wa chigoba cha nkhono.

"Ndi khanda," anatero motsitsa mawu. "Mwina linabadwa litafa kale. Analiika pansi pa nyumba, pafupi ndi mayi ake."

Ndinamva sefa ikugwa kumbuyo kwanga. Achemwali anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, manja ali kunkhongo.

"Mayo ine! Mwana wanga ine!"

Kunali kulira kwa pamaliro enieni, kotuluka m'mimba. Okumba anayang'anana. Rafaeli ananong'oneza mnzake kuti, "Masteniwa bwanji? Akulira mwana wa makolo akalekale?" Ine manyazi anandigwira. Ndinawakoka dzanja.

"Achemwali, mwatani? Anthu akutionatu."

"Ndisiye, Olive. Uyu palibe angandiletse kumulira."

Pamenepo m'pamene mutu wanga unatseguka. Ndinkadziwa kuti achemwali anabereka mwana wakufa atakwatiwa kale ku Machinjiri kuno, ine ndikadali kamtsikana kumudzi ku Chiradzulu, koma nkhani yake sinkakambidwa. Mwana wotere kwathu amati mtayo. Saikidwa pakati pa anzake kumanda, abambo sapitako, bokosi palibe, nyimbo palibe. Amayi achikulire amakumba kadzenje kosaya n'kubwerako mwakachetechete, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asagwetse msozi, akalira sadzaberekanso. Achemwali anamvera. Anameza misozi yawo yonse, koma sanaberekenso ndithu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti amayi aja anakamuika kuno, kukadali thengo, ndipo mmodzi mwa iwo anadzawalozera malowo mobisa. Munda wamiyala uja unali umenewo.

Achemwali atatonthola, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje n'kupita kwa a Thandie.

"Mwana wanga, ndaona manja anu, ndi ofatsa. Giledala ija ikubwera. Munditulutsireko wanga pa nandolo paja, ndikamugoneke pambali pa bambo ake."

A Thandie anavula chipewa. "Amayi, kumeneko n'kunja kwa sayiti yathu, komanso taimu yatithera, mawa tikupakira. Koma tiyeni tikayese."

Rafaeli ananyamula fosholo kuti atitsatire, koma achemwali anamubweza. "Abambo ayi. Zimenezi n'za amayi."

Tinakwera atatu. Achemwali anazula okha nandolo wawo. A Thandie anamanga zingwe zawo monga ankachitira kumunsi kuja, osafupikitsa kanthu, n'kuyamba kupala. Ine ndinkatola dothi m'ndowa, achemwali akusefa. Ulendo uno maso awo sanachoke pa sefa. Kamwala kalikonse koyera ankakatola, kukapukuta, kukayang'anitsitsa, n'kukaika pambali. Munatuluka mizu, nyongolotsi, chitsekerero cha botolo chadzimbiri. A Thandie anakulitsa dzenje mbali zonse, anatsika mpaka mpeni wawo unalira pa thanthwe. Kumunsi woyendetsa giledala anali atayamba kale kuyesa injini yake.

"Kodi mwina tinaphonya malo?" ndinafunsa.

"Malo ndi omwewa," anayankha achemwali. "Ndawasunga moyo wanga wonse."

A Thandie anakhala m'mphepete mwa dzenje, misozi ikulemba mizere pa fumbi la kumaso kwawo.

"Pepani, amayi. Dothi lofiirali ndi laukali, limadya mafupa, makamaka a khanda. Uja watsala chifukwa mphika unamuteteza."

Achemwali anayang'ana kumunsi, komwe mphika uja ankaukulunga m'thonje kuti alowe nawo m'galimoto.

"Mayi mnzanga wakale uja anachita bwino," anatero. "Wanga anangomukulunga m'kansalu." Anatembenukira kwa a Thandie. "Ndiye kuti sanapite kwina? Ali m'dothi momwemu?"

"Eya, amayi. Ali momwemu."

Achemwali anamasula chitenje chapamwamba n'kuchiyala pansi. Anayamba kutapa ndi manja awiri dothi losefedwa lija, losalala, lotentherabe ndi dzuwa. Sanathamange. Litakwana, anapinda chitenjecho bwinobwino, n'kuwerama.

"Olive, tandiikira kumsana."

Ndinanyamula kamtoloko n'kuwaikira kumsana. Anakokera nsonga za chitenje pachifuwa n'kumanga mfundo. Ana onse amene anawanyamulapo kumsana umenewo anali a eni ake. Anayamba kutsika, ife tikuwatsata. Okumba aja anapatuka m'njira, Rafaeli n'kuvula kapusi.

Podutsa pa giledala, injini inabangula. Achemwali anapititsa dzanja kumbuyo n'kusisita kamtolo kaja, ndipo ndinamva dzina limene sanatchulepo kwa munthu aliyense, ngakhale kwa ine.

"Usaope, Mayamiko. Tiye kunyumba."