Akuba Amene Sanabe Kanthu

Bambo Kenias ankanyansidwa nalo sewero lina la apolisi la pa TV, komabe sankaliphonya. Sabata imeneyo munali nkhani ya mnyamata womenyedwa chifukwa chokonda mwamuna mnzake, ndipo apolisi ake ankathamanga uku ndi uku ngati womenyedwayo ndi mphwawo.

"Bodza lokhalokha," anatero mkuluyo. "Ine ndinakulira m'mafamu a ku Zimbabwe. Wapolisi akafika pakhomo pako, wadzatenga munthu, sadzakupepesa."

Pa sofa panagona mwana wawo Leroy, nsagwada zitamangidwa ndi mawaya. Anyamata ena anamumenya poimira basi ku Barking, mu London momwe ankakhala, atamuona atagwirana manja ndi Mubanga. Kwa a Kenias, Mubanga ameneyu, mnyamata wa ku Zambia, anali "mnzake wa kuntchito" basi, ndipo dzina lina sankafuna kulimva.

Lamulungu masana amayi a kutchalitchi anabwera kudzazonda wodwala, Mai Petronella ali patsogolo. Anadzaza pabalaza mpaka ena kukhala pansi. Nyimbo ili mkati, wapolisi wamkazi anagogoda. Anapempha mwaulemu kuti alankhule ndi Leroy paokha.

"Awa ndi abale," anayankha a Kenias m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. "Kwathu wodzazonda matenda sitimutulutsa panja."

Wapolisiyo anagwada pafupi ndi sofa. Anafunsa Leroy mawu amene anthuwo ankanena pomumenya. Anati mawuwo ndi ofunika, chifukwa ngati anamumenyera chimene iye ali, mlandu wake ndi wina, waukulu.

Amayi onse anatchera khutu. A Kenias anawaona makutuwo, ndipo anaona kale nkhani ikukwera basi kupita ku Tottenham, kumene amayiwo ankakhala.

"Anali akuba," anatero. "Ankafuna foni. Mwanayu pakamwa pavuta, ndiyankha ine bambo wake."

"Dad, please," anatero Leroy kudzera m'mano.

Mubanga, amene anaima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu, anasendera, nalankhula kwa a Kenias m'Chinyanja cha kwawo. "Batata, foni ili apo pa tebulo. Sibanatenge kalikonse. Benze kutitukana kuti..."

"Iwe ndiwe ndani m'nyumba muno? Kwanu mumadula akulu pakamwa?"

Mubanga analeredwa bwino. Anaweramitsa mutu.

Wapolisi anafunsanso Leroy ngati zinalidi choncho. Leroy anayang'ana Mai Petronella, amene anamunyamulapo kumsana ali khanda. Anayang'ananso bambo wake. Kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

Wapolisi atachoka, amayiwo anapempherera London kuti akuba athe. A Kenias anafuula "Ameni" kuposa onse. Anawaperekeza mpaka pamsewu, mtima uli m'malo, poti dzina la banja analisunga.

Pobwerera anakumana ndi anyamata awiriwo pamasitepe. Mubanga ananyamula sutikesi, dzanja linalo litagwira la Leroy, osabisanso.

"Ukupita kuti ndi pakamwa potero? Phala akuphikira ndani?"

Leroy anaika kiyi wa nyumba m'dzanja la bambo wake, napinda zala zawo pa kiyiyo mwaulemu, ndi manja awiri, monga anamuphunzitsira.

M'nyumba TV inali ikuyakabe, akubwereza gawo lomaliza la sewero lija. Zigawenga zinali m'maunyolo. Bambo wa mnyamata uja analira, nakumbatira mwana wake pamaso pa anthu onse.

"Bodza," anatero a Kenias.

Panalibe wowatsutsa. Pa sofa panatsala bulangete lopindidwa bwino.