Mlamba wa Mkamwini

Chaka chachiwiri cha matipate, Vitus anakwatira Esitele n'kukakhala chikamwini m'mudzi wina kwa Zulu. Kulima ankalima mosiririka, koma kuwedza, abale inu, anali manyazi okhaokha. Kaphesi koyandama kakangogwedezeka pang'ono, iye ankakoka msangamsanga, mbedza n'kutuluka yopanda nsomba, yopandanso nyongolotsi.

Tsono Esitele anali woyembekezera, ndipo nkhuli yake inali ya mlamba basi. Masiku atatu anakana ndiwo zina zonse, n'kumangomwa phala. Vitus zinamupweteka mumtima.

M'mawa wa tsiku lachinayi anakhala pansi pa mkuyu m'mphepete mwa Bua, atalumbira kuti lero sapupuluma. Kaphesi kanavina, iye phee. Kanavinanso, iye analuma mlomo. Katamira, anakoka kamodzi mwamphamvu, mbedza n'kukola. Nsungwi yake inapindika ngati uta.

Nthawi yomweyo m'kanjira munatulukira a Naphiri, apongozi ake aakazi, ndowa ili pamutu. Paja mwambo wa kumeneko, mkamwini ndi apongozi sayang'anizana kapena kulankhulana; akakumana, wina amapatukira patchire. Miyendo ya Vitus inafuna kuthawa, koma manja anakana. Anatembenuzira nkhope kumbali, ndipo chingwe chinayamba kukhwefuka.

A Naphiri anatula ndowa, n'kumufulatira, n'kuyamba kukalipira mtengo.

"Iwe mkuyu! Uwauze eni mbedzawo kuti chingwe chisakhwefuke! Nsungwiyo ailozetse kumwamba!"

"Mkuyu, uwauze kuti ndamva," anayankha Vitus thukuta lili kamukamu, "koma chinthuchi n'champhamvu!"

"Achileke chithamange. Chikatopa, akoke pang'onopang'ono."

Anatero ndithu, mkuyu ukugwira ntchito yake mokhulupirika, mpaka mlamba wonenepa ngati mwendo wa munthu unafika pamadzi osaya. Apo unaphiriphitha koopsa, mbedza n'kung'amba mlomo, n'kuguluka. Vitus anakuwa ngati walumidwa ndi njuchi.

Khuvuu! A Naphiri anali m'madzi kale, chitenje chawo cha chipani chili chonyoweratu, ataupanikiza mlambawo m'matope ndi maondo. Vitus analumphiramonso n'kuugwira kumutu. Atadzutsa nkhope, anapezeka akuyang'anizana ndi apongozi ake maso ndi maso, onse matope mpaka m'makutu. Manyazi anamugwira, akusowa poloza maso.

A Naphiri anaphulika kuseka.

"Nyamulani muzithamanga, bambo! Mwana wanga angafe ndi njala ife tikupatsana ulemu pano."