Dzina la pa simenti ya chitsime

Bambo anga, Che Sumaili, anali Msilamu yekhayo m'mudzi wa Akatolika kuseri kwa Mponela, koma pamaliro awo panalibe popondera. Anthu ankalira mwini chitsime. Ine ndinkalira dimba.

Dimbalo ndi chitsime chake bambo analipereka wakfu: chinthu cha Mulungu, chosagulitsa, chosasiyira mwana. Zokoma kumva zimenezo, koma mwamuna wanga atamwalira ndinabwerera kwathu wopanda polima ngakhale mzere umodzi. Zinandiwawa, sindibisa.

Masiku ano komiti ya kumzikiti wa ku Mponela inaikapo pampu ya sola. Madzi akumwa ndi aulere, olima tomato amachita lendi mabedi, ndipo lendiyo imaphunzitsa ana amasiye. Koma pepala la malowo linali lisanasinthidwe dzina, ndipo linali m'sutikesi mwanga. A Gideoni, ogula fodya, ankafuna kumangapo shedi, ndipo ndinavomera kuwagulitsa malowo.

Tinapita kukayeza dzuwa lili paliwombo. Pampu ya sola siilira, koma ine ndinkamva tcheni chakale, kwee, kwee, monga momwe bambo ankachikokera. Tchenicho chinachotsedwa kalekale.

"Mpanda udutsa apa," anatero a Gideoni. "Amayi otunga madzi panowa azikatunga kumtsinje, si patali."



Iwo anakwera pa simenti ya chitsime n'kupalasa matope ndi nsapato. Panaoneka zilembo zimene bambo analemba ndi msomali simenti isanaume.

"Zainabu ameneyu ndani, mayi? Asadzativute patsogolo."

Zainabu anali mng'ono wanga, wazaka zinayi. Chaka cha kolera analira ludzu tili kudimba kuno, chitsime chisanakumbidwe. Mjigo wa kumishoni unali kutali, ine ulesi. Ndinamutungira kumtsinje ndi manja angawa, iye anamwa n'kundisekerera. Patapita masiku atatu tinamuika m'manda. Bambo sanandifunse kanthu mpaka imfa yawo. Anangotenga piki n'kuyamba kukumba.

"Sangakuvuteni," ndinayankha. "Sanavutepo munthu."

"Basi zili bwino. Pepala lija mwatenga?"

Ndinagwada, ndinapukuta dzinalo ndi chitenje mpaka chilembo chilichonse chinayera. A Gideoni anadikira, anatsokomola, anayang'ana wotchi, kenako anakwera njinga yawo yamoto n'kumapita.

Pepalalo ndinakalisiya kwa shehe wa kumzikiti kuja tsiku lomwelo. Munda ndilibebe, ndimagwira ganyu m'mabedi a tomato a eni ake. Ludzu likandigwira ndimatsegula mpopi n'kukinga manja. Madzi amadzaza, oyera mbee, koma ndimayamba ndadikira kaye, ngati pali wina woti amwe poyamba.