Lole Yopita ku Mpatamanga

"Mwati madzi onse a Shire amadutsa pamenepo?" anafunsa mayi Consolata, wapampando wa amayi a mpingo, atagwira m'chiuno.

"Onse," anayankha Anastazia. "Mtsinje waukulu uja umapanikizika pakati pa matanthwe, pansi penipeni, n'kumalira ngati chigayo. Ukasuzumira, miyendo imachita kuzizira."

Misa inali itangotha, ndipo amayi a pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mkanda anakhala kuseri kwa tchalitchi kukonza ulendo wawo. Chaka chilichonse fodya akagulitsidwa, mwini esiteti ankawabwereka lole kuti akaone malo. Ulendo uno anagwirizana zokaona nyama ku nkhalango ya Majete, n'kudzera pa Mpatamanga, pomwe Shire amayenda m'phompho. Wolondolera njira anasankhidwa Anastazia, poti kwawo kunali komweko, cha ku Mwanza. Za ufa, nkhuni ndi mapoto anagawana mosavuta. Panatsala za kogona.

"Nanga tivutikirenji?" anatero mayi Consolata. "Tikagona kwanu. Mayi anu sangatimane khonde."

Anastazia anavomera. Kwawoko anali asanapondeko chichokereni, mwana wake Pemphero ali kumsana, ndipo tsopano Pempheroyo anali mtsikana wotha kusinja yekha.

Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake, Alufeyo, akumata zitini zothirira nazale. Anamufotokozera zonse osabisa.

"Kumeneko simupita, mayi a Pemphero," anatero Alufeyo osadzutsa mutu.

"Chifukwa?"

"Mukuchidziwa."

Ankachidziwadi. Alufeyo, mwana wa ku Mlonyeni, anamukwatira pamene ankagwira ntchito ya msewu ku Mwanza, ndipo anakhala pachikamwini dzinja limodzi lokha. Atakangana ndi amalume a mkazi wake pa nkhani ya munda, anatenga mkazi ndi mwana n'kunena kuti akupita nawo ku sikelo. Sikelo yake inakathera ku Mchinji. Chitengwa sanapemphe, ngakhale kutsanzika. Munthuyu sanali woipa, ankalima ngati ng'ombe ndipo dzanja sanakwezepo pa mkazi wake, koma pa nkhani ya apongozi anali wamantha, ndipo manthawo ankawatcha ulemu.

"Mukakafika, amalume anu akakugwirani," anatero. "Akati mwana wathu wabwera, asabwererenso. Ine ndidzalowera kuti?"

"Akanena choncho, ndikakhala."

Alufeyo anaika chitini pansi.

"Ndikakhala, bambo a Pemphero, chifukwa akakhala akunena zoona. Ine sindine mbuzi yoti munangomasula pachikhomo. Mayi anga akuyendera ndodo tsopano, anandiuza ogulitsa nsomba aja. Mukufuna ndidzapite atatseka maso? Ndawasowa mayi anga, ndipo ndatopa n'kukhala ngati wobedwa. Mlandu suola. Loweruka ndikwera lole."

Sabata imeneyo m'nyumbamo munalowa chete. Anastazia anachapa zitenje zake, anakazinga mtedza woti akapatse mayi ake, anapita kwa dalaivala kukamufotokozera za msewu wa fumbi wotsikira ku mtsinje. Mantha anali nawo, osati pang'ono. Ankamukonda Alufeyo, ndipo ankawadziwa amalume ake kuti mawu awo sabwerera. Komabe sanasinthe.

Lachinayi Alufeyo anazemba n'kupita kwa mayi Consolata kukapempha kuti ulendo ulowere kwina. Anati ku Kasungu nakonso kuli njovu, ndipo n'kufupi.

"Njovu za ku Kasungu timazidziwa, zimatidyera chimanga," anaseka mayiwo. "Ife tikufuna phompho. Kapena phompho lake mukuliopa ndinu? Paja wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, bambo."

Anabwerako manyazi ali m'maso. Mkazi wake anamva nkhaniyi kumjigo tsiku lomwelo. Lachisanu Alufeyo anatenga njinga mosatsanzika, ndipo sanagone pakhomo.

Loweruka m'mawa lole inaima patchalitchi. Amayi anakweza mapoto ndi mitolo ya nkhuni, akuimba. Anastazia anasiya Pemphero kwa mnansi, nakwera n'kukhala pa thumba la ufa. Maso ake ankangothamangira kumsewu. Mumtima anati, basi, munthu uja wasankha kuthawanso.

Dalaivala ataliza injini, kunatulukira njinga ikuthamanga. Wopalasa anali Alufeyo, atavala jekete ya paukwati ija, yomwe tsopano inkakana kumangika pamimba. Pakaliyala panali akulu ake, a Benedicto, ankhoswe a banjalo, atakumbatira tambala wamkulu wofiira.

"Lole ino ndi ya amayi," anatero mayi Consolata, nkhope ili gwa. "Amuna akufunanji?"

"Tikukapempha chitengwa, mayi," anayankha a Benedicto akupuma wefuwefu. "Tachedwa nacho pang'ono."

"Pang'ono? Mwana mpaka kumera mawere?"

Amayi onse anafa nacho chiseko. Anawakweza awiriwo n'kuwakhazika pamwamba pa nkhuni, njinga n'kuisiya kwa akatekisiti. Anastazia sanaseke nawo. Anangosendeza mtolo wake kuti mwamuna wake apeze poponda.

Lole itadutsa pa Mkanda, Alufeyo analandira tambala uja kwa akulu ake, nawerama kufupi ndi khutu la mkazi wake.

"Kodi amalume anu akadali aukali ngati kale?"

"Akuti anaonjeza," anayankha Anastazia.

"Nanga akakakana?"

"Mukapemphanso."

Pa Kamwendo dalaivala anaima kuti athire madzi mu injini, nafunsa ngati alipo wofuna kutsika. Alufeyo anayang'ana msewu wobwerera kwawo kwa kanthawi. Kenako anamugwiritsitsa tambala uja, nakhazikika bwino pa nkhunipo.