Auzeni Atsinzine

Kalata ya kusukulu ija amayi ake anaiwerenga ali pamakina osokera, phazi likadali pachopondera. Atamaliza anaitsindira ndi sizasi.

"Ndiye iwe sumva Chingerezi? Wailesi yonse ija umaikakamira ukamasita zovala za makasitomala, umangomvera phokoso?"

"Ndimamva, amayi."

"Ndiye aphunzitsi ndi abodza? Alemba apa kuti anzako akauzidwa kudumpha amadumpha, iwe umangoti njo ngati mtengo wa magetsi. Ati ukalephera mayeso a Lachisanu ubwereza kalasi. Ine ndikuthyoka msana pano kuti uzikaima?"

Mtsikanayo anangoyang'ana nsapato zake pakhomo. Yakumanzere inali itamatuka soli kuyambira kuzala mpaka pakati. Guluu anakana kawiri, ndipo amayi ake anali atathyolerapo kale singano ziwiri za makina. Akanayambira pati kuitchulanso?

Zonse zinayamba atabwera Madamu atsopano a Chingerezi. Iwo sankafuna zongokopera pabolodi. Ankakankhitsa madesiki kukhoma, n'kuimika ana pakati. Akanena m'Chingerezi kuti pitani pazenera, mupite. Akati gwirani bondo, mugwire. Ankati khutu limaphunzira msanga thupi likamathandiza. Tsiku loyamba mtsikanayo anasangalala kwambiri, moti Madamu atangoti dumphani, anadumpha aliyense asanaganize n'komwe. Nsapato inayasama m'malere n'kumenya simenti kuti pha!

"Thawani, ng'ona!" anakuwa mnyamata wina wamakutu aakulu.

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo dzina linamata kuposa guluu uja. Kuyambira pamenepo Ng'ona ankayenda mokhwekhwereza phazi, ndipo pa Chingerezi ankaima kumbuyo, osasuntha.

Koma woima kumbuyo amaona zambiri. Anaona kuti anzake sankamvetsera n'komwe. Maso onse ankakhala pa mwana wa anesi, yemwe kwawo ankayankhula Chingerezi ngakhale potumana madzi. Iye akakweza dzanja, manja makumi asanu m'mwamba. Tsiku lina anangodzikanda m'khosi, theka la kalasi linadzikandanso. Madamu ankangomwetulira, n'kumachonga m'kaundula. Ng'ona ankamva mawu aliwonse asanathe kutuluka m'kamwa mwawo, koma pa dzina lake pokha ndi pomwe pankagwa mtanda wofiira. Usiku wa Lachinayi anagona ndi mkwiyo.

Lachisanu Madamu anaitana ana khumikhumi. Gulu la Ng'ona linalinso ndi mwana wa anesi ndi Makutu, mnyamata wa chipongwe uja. Lamulo loyamba, onse anatembenuka. Lachiwiri, onse anagwada. Ng'ona ali chiimire.

Madamu anamenyetsa kaundula patebulo. Chichewa ankachiyankhula pokhapokha akapsa mtima.

"Iwe! Ukundiyesa chidole? Miyezi itatu ndikung'ambika kukhosi, anzako onse akumva, iwe wekha ndiye mwala?"

"Sakumva."

Mawuwo anatuluka okha. Pakamwa pa Ng'ona panakana kutseka.

"Wati chiyani?"

"Ndati sakumva, Madamu. Amangoonera uyu. Inu mumachonga maso awo, osati makutu. Auzeni atsinzine muone."

"Eee, ng'ona yalankhula!" anatero Makutu. "Tinkayesa imayasamula kuphazi kokha!"

"Khala chete, iwe!" Madamu anamukalipira Makutu, kenako anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, mphuno zikutukuka. "Ndiye wafika pondiphunzitsa ntchito? Chabwino. Koma ukalephera nawenso, Lolemba ubwere ndi amayi ako adzamve mwano wakowu."

Anamukoka mwana wa anesi n'kumuimika pambali pawo. Otsalawo anawauza kuti atsinzine, ndipo wosuzumira atuluke. Ng'ona anatsinzina. Mumdimamo munalibe womuyang'ana kuphazi.

Madamu ananena chiganizo chachitali, mwachangu, ngati kuti akufuna kumugwetsa dala: abwerere m'mbuyo katatu, atembenukire kukhomo, aike dzanja lamanzere pamutu, kenako adumphe kawiri.

M'kalasi munati zii. Wina anakhosomola. Mapazi angapo anakhwekhwereza uku ndi uku, osadziwa kolowera. Ng'ona anabwerera katatu, anatembenuka, anaika dzanja pamutu. Anadziwa chimene chikubwera, ndipo anakukuta mano. Anadumpha ndi ukali wonse wa miyezi itatu.

Pha! Pha!

Palibe anaseka. Atatsegula maso anapeza anzake atabalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Awiri anali atagundana mitu. Makutu anali atagwada moyang'ana bolodi, atagwira mphuno, akudikirabe.

Madamu anayang'ana kaundula wawo, mizere yodzaza ndi zochonga, kenako anayang'ana nsapato ija. Anatsegula tsamba lina n'kulitsekanso.

"Chifukwa chake chinali chimenechi? Bwanji sunanene?"

"Simunafunse. Munangolemba kalata."

Madamu anauza onse kuti mayeso ayambiranso Lolemba, aliyense atatsinzina, ndipo kalasi inabuula. Ena anamuyang'ana Ng'ona ndi diso loti tikumana panja. Iye sanalabadire. Anapita patebulo, nang'amba pepala pakati pa kope lake, naliika pamwamba pa kaundula.

"Mulembe ina, Madamu. Amayi anga za pakamwa sakhulupirira."

Madamu analemba, dzanja likuthamanga, osadzutsa mutu. Mtsikanayo anawerenga mzere uliwonse ali pomwepo, kenako anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba. Sanathokoze. Belu litalira anatuluka akunyamula phazi bwinobwino ngati wina aliyense, ndipo nsapato inkamveka khonde lonse mpaka kugeti.